Chovala cha Mpweya cha Wosambira Pansi pa Madzi: Uphungu kwa Wogula Koyamba

(Nyimbo yotsegulira, itsike pang'onopang'ono, mawu ayambe)

Inu amene mwatchera khutu madzulo ano m'nyumba za ku Kabwata ndi ku Chelstone, ku Woodlands ndi ku Kabulonga, pamodzi ndi inu amene dzuwa lakulowerani mukali pamzere wa magalimoto mu Cairo Road, ndipempha kuti mundibwereke makutu anu kanthawi, pakuti nkhani imene ndadza nayo, ingakhale idzamveka yachilendo kwa anthu a kumtunda ngati ife, ili nkhani ya moyo ndi imfa kwa mwana aliyense wa mudzi uno amene mtima wake wamkokera ku luso losambira pansi pa madzi, botolo la mpweya lili kumsana.

Kapena wina ali kufunsa mumtima mwake kuti, nanga zimenezi zitikhudza bwanji ife a Lusaka, mudzi womangidwa pachitunda cha mamita oposa 1,200, m'dziko losafika kugombe la nyanja yamchere? Ndimyankha kuti Mlengi sadatimane madzi. Wotsika mapiri kulowera kumwera, atayenda makilomita ngati 200, afika ku Siavonga pa nyanja ya Kariba, kumene makola a nsomba oyandama pamadzi amafuna anthu olowa pansi kukaona ngati maukonde ang'ambika; wopirira ulendo wautali wodzera ku Kapiri Mposhi, Mpika, Kasama ndi Mbala atsikira ku Mpulungu pa nyanja ya Tanganyika, yakuya mamita 1,470, yoposedwa ndi Baikal yokha ya ku Russia, kumene akatswiri a ku Ulaya ndi ku Japan akhala akudza zaka zambiri kudzaphunzira makhalidwe a nsomba za m'matanthwe; ndipo wotsata msewu wa Great East, wodutsa pa Chelstone pomwepa, napyola Chipata ndi malire a pa Mwami, adzaona nyanja ya Malawi, kumene sukulu za luso limeneli zili ku Nkhata Bay ndi ku Cape Maclear, pakati pa mbuna za mawanga osawerengeka. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, ndipo wosambira wa ku Lusaka ayenera kudziwa kuyambira pachiyambi kuti adzakhala munthu wa paulendo, iye ndi katundu wake yemwe.

Mwa zipangizo zonse zimene munthu avala polowa pansi, ndiko kuti galasi la kumaso, zipsepse za kumapazi, chopumira cha pakamwa, botolo, ndi chovala cha mphira chotchedwa wetsuit, chilipo chimodzi chimene ophunzira amachipeputsa poyamba nadzachilemekeza pambuyo pake, ndicho chovala cha mpweya chimene eni ntchitoyi amachitchula ndi zilembo zitatu kuti BCD. Ndi thumba losatulutsa mpweya, lokutidwa ndi nsalu yolimba ya nayiloni, lokhala ndi lamba wogwira botolo kumsana ndi kapaipi kotsikira paphewa lamanzere, kamene kali ndi mabatani awiri, lina lolowetsa mpweya wochokera m'botolo, lina loutulutsa. Ntchito yake ndiyo kumuimika munthu pakati pa madzi, osamira ndiponso osayandama, pa kuya kulikonse kumene iye wasankha, ndi kumchirikiza pamwamba podikira bwato.

Kuti timvetse kufunika kwake, tiyenera kukumbuka malamulo awiri amene Namalenga adawaika m'madzi ndi mumpweya, anthu nadzawazindikira pambuyo pake. Loyamba adalifotokoza Archimedes wa ku Syracuse, zaka zoposa 200 Ambuye asanabadwe, lakuti chinthu choviikidwa m'madzi chimapepuka monga mwa kulemera kwa madzi amene chawachotsa pamalo pake. Kotero kuti lita imodzi ya mpweya wolowa m'thumba lija imanyamula kilogalamu imodzi ya katundu. Lachiwiri adalilemba Robert Boyle m'chaka cha 1662, lakuti mpweya ukapanikizidwa kawiri umakhwinyata nutenga theka la malo ake. Tsono madzi amapanikiza ndithu, pakuti pa mamita 10 aliwonse amene munthu watsika amamsenzetsa katundu wolingana ndi wa mlengalenga wonse. Mpweya umene udadzaza thumba pamwamba utenga theka la malo ake pa mamita 10, gawo limodzi mwa atatu pa mamita 20, limodzi mwa anayi pa mamita 30. Ndipo pobwerera ufufuma momwemonso, kufufuma kwake kwakukulu kuchitika m'mamita 10 otsiriza, pamene munthu ayesa kuti zoopsa zatha kale.

Taonani tsono chimene chimchitikira munthu. Mphira ya wetsuit ili ndi timathovu ta mpweya tambirimbiri, ndipo pamwamba imamuyandamitsa kotero kuti ayenera kumanga mtovu m'chiuno kuti amire. Koma potsika timathovuto tifinyika, chovala chipyapyala, ndipo mtovu umene udali wokwanira pamwamba usanduka wolemera kopambana, numkokera pansi ndi liwiro lonka likula. Mpweya wa m'botolo nawonso uli nako kulemera kwake, chinthu chimene ambiri sachikhulupirira msanga: botolo la malita 12 lodzazidwa kufika pa muyeso wa 200 bar lisunga mpweya wa malita 2,400, wolemera pafupifupi makilogalamu 3, ndipo pamene munthu aupuma nautaya m'madzi, iye anka napepuka kufikira kutha kwa ulendo. Kusintha kuwiri kumeneku ndiko chovala cha mpweya chidapangidwira. Zotsalazo, monga kukwera pang'ono kupewa mwala kapena kutsika pang'ono kukasuzumira kampango kuphanga, ndi ntchito ya mapapo a mwini wake.

Nsomba zambiri zidabadwa nalo thumba lotere m'mimba, monga adziwa mayi aliyense amene adatumbulapo chambo. Ndipo ogwira nsomba zokongoletsa m'nyumba pa nyanja ya Tanganyika, akakola frontosa imene imakhala kwakuya, saifikitsa pamwamba nthawi yomweyo, koma aisunga m'khola pansi pa madzi naikweza pang'onopang'ono, podziwa kuti kuifulumizitsa ndiko kuifufumitsa thumba ndi kuipha. Ngati chobadwira m'madzi chifuna kusamalidwa chotero, koposa kotani nanga munthu, amene ali mlendo chabe m'menemo!

Jacques Cousteau ndi Émile Gagnan atakonza chopumira chawo m'chaka cha 1943, osambira oyamba adalibe chovala chotere, ndipo ankalimbana ndi kulemera kwawo ndi mphamvu ya miyendo yokha, kufikira m'chaka cha 1961, pamene Maurice Fenzy wa ku France adatulutsa thumba lokoleka m'khosi. Za maonekedwe a jekete ndi za thumba la kumsana zidadza m'zaka za m'ma 1970.

Ndisanafike pa kasankhidwe, ndagwira mwendo wanu pa zinthu ziwiri. Chovalachi si jekete yopulumutsira anthu a m'bwato, pakuti sichilonjeza kumtembenuza munthu wokomoka kuti nkhope iloze kumwamba, ndipo kholo lisachiveke mwana wosadziwa kusambira poyenda pabwato ku Siavonga. Ndiponso sichidapangidwe kuti chizimkwezera munthu pamwamba. Wophunzira wogwidwa ndi mantha amafinya batani lolowetsa mpweya, nayamba kukwera. Pokwera mpweya ufufuma, pofufuma liwiro likula, ndipo asanazindikire watumphuka kale, mapapo ali pangozi yong'ambika ngati adagwira mpweya m'chifuwa, ndi naitrojeni wosungunuka m'magazi atayamba kuchita thovu. Wodziwa amakwera ndi zipsepse, akutulutsa mpweya m'thumba pang'onopang'ono, osapitirira mamita 18 pa mphindi imodzi monga aphunzitsa a bungwe la PADI, ngakhale ambiri lero akonda theka la liwiro limenelo, ndipo amaima mphindi 3 pa mamita 5 asanatuluke. Ku Mpongwe, m'chigawo cha Copperbelt, pafupi ndi mishoni ya St Anthony, kuli kanyanja kotchedwa Kashiba, kamene kadapangika pamene denga la mapanga a mwala wa laimu lidagumukira pansi, ndipo makoma ake atsika choongoka kupyola mamita 100. Pamalo otere, monganso pa magombe ena a Tanganyika, palibe mchenga woti munthu agwadepo akasokonezeka, ndipo chomuimitsa wa chiphaso choyamba pa malire ake a mamita 18 ndicho chovala chake ndi luso lake basi.

Chifukwa chake uphungu wanga woyamba, ngakhale udzakhumudwitsa amene atsekula kale masamba a malonda pa intaneti, ndi uwu: musagule musanaphunzire. Sukulu zovomerezeka ndi mabungwe monga PADI, NAUI, SSI ndi CMAS kawirikawiri zimabwereketsa zipangizo, ndipo m'masiku a maphunziro ndi m'maulendo otsatira munthu ali ndi danga lovala mitundu yosiyanasiyana, kufunsa mphunzitsi chifukwa chake iye mwini avala chimene avala, ndi kumva m'thupi chimene chimkhala bwino. Safunsa adadya phula. Amene aona kuti adzafika kunyanja kamodzi kokha pachaka, pa tchuthi cha Khirisimasi, ndinena poyera kuti kubwereka kumuyenera koposa kugula, popeza mphira ndi timavalavu zimakalamba zili m'kabati momwemo. Koma iye amene ntchito yake kapena chikondi chake chidzambweza kumadzi kawirikawiri akhale ndi chakechake, pakuti manja amene azolowera malo a batani lililonse ndi chingwe chilichonse safufuzafufuza pa nthawi ya tsoka.

Mitundu ya chovalachi ilipo itatu. Wa jekete uli ndi thumba lozinga msana ndi nthiti kufikira kumimba, ndipo pamwamba pa madzi umkhazika munthu chilili, mutu uli poyera ndithu, chimene chitonthoza mtima wa wophunzira pamene mwera wautsa mafunde pa nyanja ya Malawi. Koma ukadzaza umafinya chifuwa, ndipo pansi pa madzi umakonda kumtsitsa miyendo, navundula matope ndi zipsepse zake. Wachiwiri uli ndi thumba kumsana kokha, chifuwa nchomasuka, ndipo uthandiza munthu kugona chafufumimba m'madzi, ndiwo magonedwe osatopetsa ndi osatha mpweya msanga. Chilema chake nchakuti ukadzazidwa kopitirira pamwamba umkankhira munthu nkhope m'madzi, ndipo mankhwala ake ndiwo kuchepetsa mpweya ndi kutsamira chagada. Wachitatu ndi chitsulo chathyathyathya cha kumsana, lamba mmodzi wautali wopisidwa m'ziboo zake, ndi thumba lomangidwa padera limene amalitcha wing, kotero kuti chiwalo chilichonse chisinthika pachokha chikatha.

Koma palibe mtundu umene ungampindulire munthu ngati chovalacho sichidamkwane, ndipo pano ndikhalitsapo. Valani wetsuit imene mudzasambira nayo, ndi botolo kumsana ngati nkutheka. Mangani malamba onse, muuzire mpweya ndi pakamwa kufikira thumba litalimba, ndipo mupume mozama. Nthiti zikapanikizika, chovalacho nchaching'ono. Tulutsani mpweya, mnzanu agwire malamba a m'mapewa nawakwezere kumwamba. Akafika m'makutu, chovalacho nchachikulu, ndipo kunyanja chidzayandama chokha, mwini wake atalendewera kunsi kwake, madzi ali m'kamwa. Weramani, tembenukani, mumve ngati botolo lipendekera mbali ina. Zilembo za saizi sizifanana pakati pa opanga monga Cressi, Mares, Aqua Lung ndi Scubapro, kotero woitanitsa katundu kutali ayese chifuwa ndi chiuno ndi tepi ya telala, afanizire ndi miyeso ya wopanga, ndipo afunsiretu ngati chosakwana chiloledwa kubwezedwa. Amayi adziwe kuti zilipo zodulidwa monga mwa thupi lawo, za msana waufupi ndi malamba osafinya chifuwa. Ndipo inu makolo a ana a zaka 10 ndi kupitirira, amene aloledwa kuyamba maphunzirowa, ndapota nanu, chizolowezi chathu chogulira mwana yunifomu yaikulu kuti adzakuliremo chitsalire kusukulu. M'madzi mwana avale chomkwana lero.

Pa chovala chilichonse wopanga amalemba mphamvu yake yonyamula, ndipo mtima wa munthu umati chachikulu ndicho chabwino, koma sikutero ayi. Madzi a pamwamba m'nyanja za Malawi ndi Tanganyika ndi ofunda, cha m'ma madigiri 24 kufikira 28, kotero kuti wetsuit ya mamilimita 3 ikwanira ambiri. Ndipo wovala yotero, wa botolo limodzi, apeza kuti thumba lonyamula makilogalamu 13 kapena 14 limkwanira, malinga likhoza kuyandamitsa zipangizo zonse mwini wake atazivula, ndi kumsunga mutu pamwamba pa mafunde. Thumba lalikulu kopitirira limakoka madzi posambira, limabisa mpweya m'ngodya zake kumene uvuta kutuluka, ndipo choipa chake chenicheni nchakuti limaphimba tchimo lofala la ophunzira, la kusenza mtovu wochuluka. Muyeso wa mtovu ndi uwu: thumba lili lopanda mpweya, munthu atapuma mwa masiku onse, madzi amlekeze m'maso, ndipo akatulutsa mpweya m'chifuwa amire pang'onopang'ono; koma poyesa ndi botolo lodzaza aonjezepo makilogalamu awiri, kuti pomaliza ulendo akhoze kuima pa mamita 5 osakokedwa kumwamba.

Onetsetsani kuti chovala chili ndi valavu yotayira mpweya paphewa ndi ina kumunsi kwa msana, popeza mpweya umathawira kumene kwakwera, ndipo munthu wozondoka mutu pansi sangautulutse ndi kapaipi ka paphewa. Yesani kupeza zingwe zake maso ali chitsinzinire. Matumba a mtovu, ngati alipo, atuluke ndi kukoka kumodzi koma asagwe okha, chifukwa mtovu wotayika pa mamita 20 umtumiza munthu kumwamba mosaletseka.

Apa tsono ndi pamene pagona nkhani kwa ife a Lusaka. Wokhala ku Durban kapena ku Cape Town, valavu ikamvuta, mmisiri ali pafupi. Koma ife kawirikawiri tiyang'ana ku South Africa kapena kutsidya la nyanja, tilipira mtengo wotumizira ndi msonkho wa kasitomu, ndipo tidikira masabata. Chifukwa chake ine ndiweruza kuti chovala choyamba cha munthu wa kuno chikhale chosavuta mapangidwe, cha kapaipi ndi mabatani a mtundu wofala, ndi polumikizira pamene paipi ya chopumira cha sukulu iliyonse ingalowe, kaya ku Nkhata Bay kaya pa nyanja ya Tanganyika, ndiponso pamene dzanja limodzi lingamasule msanga batani likakakamira. Zokometsera za opanga ena, monga chopumira chachiwiri chophatikizidwa ndi mabatani, zili ndi ubwino wake, koma zifuna paipi yakeyake ndi mmisiri wakewake, ndipo ziwirizi sizipezeka pagombe tsiku limene muzifuna. Kumbukiraninso kuti chovalachi chidzakwera basi pa siteshoni ya Intercity, kapena ndege imene kawirikawiri ilola chikwama cha makilogalamu 23. Za paulendo zilipo zolemera makilogalamu awiri ndi theka kapena kucheperapo, pamene majekete aakulu afika 4, koma nsalu yopyapyala kwambiri siikhalitsa pa matanthwe a mbuna. Wopita kukagwira ntchito m'makola a nsomba ndimlangiza chitsulo cha kumsana ndi lamba wake mmodzi, popeza lamba asinthika ndi ndalama zochepa, ndipo chovala chopanda zolendewera sichikodwa mu ukonde.

Zogwiritsidwapo kale ntchito zimapezeka, makamaka pamene alendo otha nthawi yawo ku Kabulonga ndi ku Woodlands agulitsa katundu pa Facebook asanabwerere kwawo, ndipo ife odziwa salaula tilibe nazo manyazi. Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Uzirani mpweya kufikira thumba litalimba, mulisiye usiku wonse. Likapezeka m'mawa litafota, libwezeni. Limizeni m'bafa muone pamene patuluka thovu, finyani mabatani mumve ngati abwerera okha, ligwedezeni mumve ngati m'kati mulira mchere wouma umene umacheka thumba, ndipo muone lamba wogwira botolo ngati sadafumbwe ndi dzuwa. Chikapambana mayeso onsewa, chionedwebe ndi mmisiri wophunzira ntchitoyi chisanalowe kwakuya. Ndipo ndichenjeze inu amene muli ndi maiwe osambiramo kuseri kwa nyumba: musamyese mnzanu wosaphunzira ndi botolo m'dziwe poti nlosaya, pakuti munthu wopuma mpweya wa m'botolo pansi, nakwera ataugwira m'chifuwa, akhoza kuvulala mapapo ngakhale pa kuya kwa mita imodzi ndi theka.

Chisamaliro chake nchapafupi. Mukabwera kumadzi, tsukani kunja, thirani madzi oyera m'kati kudzera pouzira mpweya, mukhutchumule ndi kuwataya. Chiume pamthunzi, osati padzuwa la Okutobala, ndipo muchisunge chili ndi mpweya pang'ono kuti makoma a thumba asamatirirane, kutali ndi makoswe ndi mafuta a galimoto. Kamodzi pachaka chipite kwa mmisiri.

Chovala chomwecho chidzakutumikirani m'nyanja yamchere, ku Zanzibar, ku Tofo kapena ku Sodwana Bay, koma muyeso wa mtovu udzasintha, popeza madzi amchere ndi olemera koposa athu ndi magawo awiri ndi theka pa 100 aliwonse, ndipo munthu wamkulu ndi zipangizo zake afuna kuonjeza makilogalamu awiri kapena atatu. Lembani m'buku lanu mtovu umene mudavala, ndi wetsuit yanji, m'madzi anji. Dziwaninso kuti malamulo a luso limeneli amayesa malo alionse okwera kupyola mamita 300 kuti ndi a pamtunda wokwera, ndipo nyanja zathu zonse zili kumeneko: ya Malawi ndi ya Kariba zili pafupi ndi mamita 500, Tanganyika pa 770. Kumeneko mlengalenga ndi wopepuka, mpweya wa m'thumba ufufuma msanga pofika pamwamba, ndipo kompyuta ya padzanja iyenera kutcheredwa monga mwa malowo. Musanatsike, funsani eni sukulu kumene kuli mpweya wa okosijeni ndi chipatala chodziwa matenda a osambira pansi pa madzi. Ndipo mukatuluka, musathamangire galimoto, chifukwa wochoka ku Siavonga kudza ku Lusaka, kapena ku Mpulungu kukwera ku Mbala, akwera mamita mazana ambiri m'kanthawi kochepa, naitrojeni akali m'magazi. Wokwera ndege alangizidwa kudikira maola 12 ngati adalowa kamodzi, ndi maola 18 ngati adalowa kangapo, ndipo wokwera mapiri pagalimoto achita mwanzeru kugona kugombe usiku umenewo, nanyamuka m'mawa.

 

(Nyimbo yotsekera)